Kukumbukira malemu msilikali popereka mphatso ku timu ya masewera ogwetsana pasukulu ku America

Maliro akatha, mabanja ambiri ku America amatsala ndi ndalama za chipepeso komanso mtima wofuna kuti dzina la malemu lisaiwalike msanga. Ngati malemuyo anagwirapo ntchito ya usilikali, ndipo ali mnyamata ankachita masewera ogwetsana kusekondale, kapena atabwerako ku usilikali ankathandiza kuphunzitsa ana masewerawa, ganizo limene limafika msanga ndi lopereka kenakake ku timu ya sukulu ya m'deralo. Ganizoli ndi labwino, chifukwa m'sukulu zambiri timu imeneyi imakhala kumapeto pogawa ndalama za masewera. Vuto ndi loti anthu achisoni amagula kaye n'kufunsa pambuyo. Mapeto ake mphatso imakagona m'chipinda chosungira katundu, kapena bodi ya sukulu imaibweza, banja n'kumva ngati lanyozedwa. Malangizowa ndi a banja lililonse lokhala kumeneko, kuphatikizapo abale athu olankhula Chichewa amene bambo, mlamu, apongozi kapena mnzawo wa kutchalitchi anatumikira m'gulu lankhondo la dzikolo.

Masewera amene tikunena si aja a pa TV omenyana ndi mipando. Awa ndi a ana a zaka 14 mpaka 18, amene amagwetsana pa mphasa yaikulu ya siponji kwa ndime zitatu za mphindi ziwiriziwiri, aliyense ndi mnzake wolemera mofanana naye. M'zigawo zambiri za dzikolo nyengo yake ndi yozizira, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kapena Malichi. Malamulo a masewerawa amalembedwa ndi NFHS, bungwe la dziko lonse loona za masewera a m'masekondale, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bungwe lake la masewera a m'sukulu limene limawonjezera malamulo akeake.

Choyamba: gwirizanani pabanja, kenako pezani pepala la DD 214

Musanapite kusukulu, khalani pansi ndi amene ali ndi mawu pa malemuyo: mkazi kapena mwamuna wake, ana, makolo ngati alipo. Anzake a ku usilikali nthawi zina amayamba kusonkhetsa ndalama mwa chikondi asanafunse anamfedwa, ndipo zimapweteka kwambiri kuona dzina la mwamuna wako pa chikwangwani chimene sunauzidwe. Gwirizanani kuchuluka kwa ndalama, munthu mmodzi amene azilankhula ndi sukulu, ndi mmene dzina lidzalembedwere. Ngati ndalamazo anthu anasonkha kuti zithandize pamaliro, auzeni musanazisinthire ntchito.

Kenako funafunani DD Form 214, pepala limene msilikali amapatsidwa potuluka usilikali. Pamenepo pamalembedwa gulu limene anali, udindo wake, zaka zimene anatumikira ndi mamendulo amene analandira. Yambani kuyang'ana m'nyumba. Mukalephera, funsani a kampani imene inayendetsa maliro, chifukwa nthawi zambiri amatenga kope lake pokonza mbendera ndi ulemu wa asilikali. Likasowanso kumeneko, wachibale weniweni angalembe fomu ya SF 180 kupita ku National Personnel Records Center ku St. Louis, Missouri. Yankho limatha kutenga masabata kapena miyezi, choncho lembani msanga. Dziwaninso kuti pa 12 Julaye 1973 moto unawononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni pamalopo, ambiri a asilikali a Army, gulu lankhondo la pamtunda, amene anatuluka pakati pa 1912 ndi 1960. Ngati malemu anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kapena ya ku Korea, ofesi yothandiza asilikali opuma ya mu county yanu ingakuthandizeni kusaka umboni wina, ndipo salipiritsa.

Pepalali ndi lofunika chifukwa asilikali opuma a m'deralo adzawerenga chikwangwani chanu chilembo ndi chilembo. Wa gulu la Marine Corps musamulembe ngati wa Army. Captain wa ku Navy, gulu lankhondo la pamadzi, ndi wamkulu kutali kuposa captain wa ku Army. Mawu akuti retired ndi a amene anatumikira mpaka kulandira penshoni, nthawi zambiri zaka 20, osati aliyense amene anatuluka. Mendulo imene simukuiona pa pepalalo musailembe, ngakhale amalume atalumbira kuti anailandira. Popereka kope kusukulu, phimbani nambala ya Social Security.

Chachiwiri: pitani kwa kochi musanagule chilichonse

Anthu awiri ofunika ndi kochi wa timuyo ndi mkulu woyang'anira masewera onse pasukulupo, amene amamutcha athletic director. Kochi ndiye amadziwa chosowa, koma mkuluyo ndiye amadziwa chololedwa. Lembani imelo kwa onse awiri nthawi imodzi, mufotokoze kuti malemu anali ndani, kulumikizana kwake ndi sukuluyo, ndi ndalama zimene mukuganiza kupereka. Tchulani nambala yeniyeni. Mukangoti "tikufuna kuthandiza", kochi adzachita manyazi n'kukupemphani kanthu kakang'ono, kapena adzayembekezera zimene mulibe.

Nthawi yabwino yokumana nawo ndi Epulo kapena Meyi, nyengo itangotha, pamene zowonongeka zikuoneka bwino ndipo bajeti ya chaka chamawa ikukonzedwa. Mu Januwale kochi sakhala ndi mpata ngakhale wa kudya bwino. Pemphani kuti akuonetseni chipinda chimene ana amakonzekerera. M'sukulu zina ndi chipinda chawochawo, m'sukulu zina ana amayala mphasa m'chipinda chodyera tsiku lililonse n'kuipindanso madzulo. Zimenezi zimasintha chimene muyenera kugula. Mufunse mafunso awa: muli ana angati, atsikana angati, mphasa ili ndi zaka zingati, ndi chiyani chimene kochi amagula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo ndi ana angati amasiya chifukwa cha ndalama. Kugula osafunsa kuli ngati kugulira munthu nsapato usakudziwa phazi lake.

Chachitatu: sankhani chogula molingana ndi thumba lanu

Mphasa ndiyo mphatso yaikulu, ndipo ndiyo imavuta kwambiri. Malamulo a kusekondale amafuna bwalo lozungulira losachepera mafiti 28 kudutsa pakati, ndi malo otetezera a mafiti pafupifupi 5 kuzungulira kunja kwake. Ndiye kuti mphasa yaing'ono yololedwa pa mpikisano ndi mafiti 38 mbali zonse, koma sukulu zambiri zimagula ya mafiti 42, amene ndi mamita pafupifupi 12.8. Yoteroyo, ikakhala ndi mitundu ndi chizindikiro cha sukulu, imatha kufika kapena kupitirira madola 10,000, ndipo mtengo wonyamulira nthawi zambiri umakhala wapadera.

Pali mitundu iwiri. Yachikale ndi ya siponji yolemera yokutidwa mbali zonse ziwiri, imabwera m'zidutswa zitatu, ndipo ikakalamba imatha kutumizidwa kufakitale kukakonzedwanso. Imakhalitsa, koma chidutswa chimodzi chimafuna ana ambiri kapena ngolo yake kuti chisunthe. Mukaisunga pozizira imauma, ndipo mukaiyala mwachangu isanafunde imatha kung'aluka. Ikangogulidwa kumene imabwera yokulirapo pang'ono chifukwa imafota m'miyezi yoyamba, choncho musaidule kuti ikwanire m'chipinda isanakhazikike. Mtundu wachiwiri ndi wopepuka, umabwera m'mipukutu ya mafiti 6 m'lifupi, isanu ndi iwiri pa mphasa ya mafiti 42, ndipo ana awiri kapena atatu amanyamula mpukutu umodzi. Kwa timu imene imayala ndi kupinda tsiku lililonse, uwu ndiwo woyenera. Makampani odziwika bwino ndi Resilite ndi Dollamur. Pemphani mitengo yolembedwa ya makampani osachepera awiri.

Musanaode, wina ayeze chipinda, zitseko, makona a khonde ndi malo osungira. Mphasa yolembedwa dzina sibwezedwa kusitolo. Imatenganso masabata angapo, nthawi zina miyezi, kuti ipangidwe, ndipo amene amaoda mu Okutobala amapezeka pamzere wautali. Odani pofika Juni kapena Julaye. Ngati chipindacho chili ndi makoma a njerwa opanda chotchinga, funsani kaye za masiponji a m'khoma, chifukwa mwana wogwetsedwa chakumphepete amamenyetsa mutu kukhoma, ndipo mwina pamenepo ndi pamene ndalama zanu zingateteze kwambiri.

Ndi ndalama zocheperapo, zosowa zilipo zambiri. Chotchinga makutu, chimene amati headgear, ndi lamulo pa mpikisano uliwonse wa kusekondale, chifukwa khutu likakhulidwa mobwerezabwereza magazi amaundana mkati, n'kuuma lili lopindika mpaka kalekale. Zingwe zake zimatha msanga, ndipo ana akamabwerekana amapatsirana matenda a pakhungu. Gulani chimodzi pa mwana aliyense ndi zina zisanu zapadera. Yunifomu yothina imene amati singlet nthawi zambiri imakhala ya mitundu ya sukulu, ndipo ya atsikana imasokedwa mosiyana ndi ya anyamata. Kumbukirani kuti magulu a kulemera kwa anyamata amayambira pa mapaundi pafupifupi 106 mpaka 285, choncho masaizi amatalikirana kwambiri. Siyani kochi alembe masaiziwo.

Pali mphatso ina imene mabanja amainyalanyaza chifukwa sioneka bwino pachithunzi: mankhwala otsukira mphasa, zokolopera, sopo ndi tepi yolumikizira zidutswa. Komatu zimenezi ndi zimene zimasunga timu. Chipere, zilonda za impetigo, zilonda za MRSA zosamva mankhwala ena, ndi matuza a herpes zimafalikira msanga pamene khungu likukhulana ndi khungu, ndipo mwana amene wapezeka ndi chilonda poyezedwa asanasewere amabwezedwa. Mu 2007 chigawo cha Minnesota chinaimitsa masewerawa m'sukulu zonse kwa masiku 8 chifukwa cha herpes. Mphasa iyenera kukolopedwa tsiku lililonse lokonzekera, ndipo mankhwalawo ayenera kukhala amene kampani yopanga mphasayo imalola, chifukwa ena amasuwitsa utoto n'kuumitsa chikutiro.

Sikelo yabwino ya digito nayo ndi mphatso yanzeru, bola ikhale yoti iziyezedwa ndi kutsimikizidwa chaka chilichonse. Kumapeto kwa 1997 ophunzira atatu a m'makoleji anamwalira m'masabata ochepa akuyesa kuchepetsa thupi mwachangu, ndipo malamulo anasintha. Lero mwana wa kusekondale amayezedwa madzi ndi mafuta a m'thupi nyengo isanayambe. Mnyamata sayenera kutsika pansi pa 7 peresenti ya mafuta, mtsikana 12 peresenti, ndipo salola kutaya kupitirira 1.5 peresenti ya kulemera kwake pa sabata. Chifukwa cha zimenezi musagule zovala za pulasitiki zotulutsa thukuta, ngakhale malemu ankazigwiritsa ntchito pa nthawi yake. Ndi zoletsedwa.

Mwa zonsezi, ife timaona kuti thumba lolipirira nsapato, ndalama yolembetsera ndi ulendo wa ana ochokera m'mabanja osowa ndilo limasintha moyo wa mwana mwachindunji. M'madera ambiri makolo amalipira kuti mwana asewere, ndipo mwana wosauka sanena kuti alibe. Amangosiya kubwera. Thumba lotere liziyendetsedwa ndi sukulu mwachinsinsi, banja lisadziwe n'komwe maina a olandira.

Chachinayi: ndalama zilowere khomo loyenera

Musalembe cheke m'dzina la kochi, ngakhale ali wokhulupirika chotani. Mumamuika pamavuto ndi mabwana ake, ndipo inu simukhala ndi umboni uliwonse. Makomo oyenera ndi atatu: ofesi yoyang'anira sukulu za m'deralo, imene amati school district, kalabu ya makolo yothandiza timu, imene amati booster club, kapena bungwe losunga ndalama zothandizira maphunziro m'deralo.

Ku ofesi ya sukulu, mphatso yaikulu imayenera kuvomerezedwa ndi bodi pa msonkhano wake, umene m'madera ambiri umachitika kamodzi kapena kawiri pamwezi. Funsani tsiku lomaliza lopereka nkhani yanu kuti ilowe pa ndondomeko ya msonkhanowo. Bodi ikavomera, katunduyo amakhala wa sukulu kotheratu. Malamulo a msonkho amalola kuti mphatso yopita ku sukulu ya boma ichotsedwe pa ndalama zolipirira msonkho, bola ikhale ya ntchito yothandiza anthu onse.

Kalabu ya makolo imachita zinthu mwachangu, koma ifufuzeni. Pemphani nambala yake ya msonkho, imene amati EIN, n'kuisaka pa tsamba la IRS, bungwe lotolera msonkho, lotchedwa Tax Exempt Organization Search kuti muone ngati ili pansi pa 501(c)(3), ndime ya lamulo yokhudza mabungwe othandiza anthu osalipira msonkho. Makalabu ang'onoang'ono amasintha atsogoleri ana awo akamaliza sukulu, msungichuma watsopano n'kuiwala kutumiza fomu ya pachaka, ndipo akadumpha zaka zitatu zotsatizana IRS imawachotsa yokha. Ena amapitiriza kulandira ndalama osadziwa kuti anachotsedwa kale.

Pa mphatso iliyonse ya madola 250 kapena kuposa, tengani kalata yochokera kwa olandira yonena kuchuluka kwa ndalama ndi kuti simunalandire kanthu kosinthanitsa. Lisiti la banki lokha silikwanira. Mukapereka katundu m'malo mwa ndalama, woposa madola 500 amafuna Form 8283, ndipo woposa madola 5,000 amafuna katswiri wovomerezeka wotsimikiza mtengo. N'chifukwa chake ndi bwino kupereka ndalama kuti sukulu igule yokha. Nthawi zambiri sukulu sililipira msonkho wogulira katundu, ndipo mphasa ikadzapezeka ndi vuto iwo ndi amene adzatsatana ndi kampani. Ndalama zolembedwa kuti ndi za mwana wakutiwakuti sizichotsedwa pa msonkho, ndipo zingaike mwanayo pamlandu ndi bungwe la masewera la chigawocho. Ngati anthu ambiri akufuna kusonkha, monga zimakhalira polengeza maliro kuti m'malo mwa maluwa athandize timu, lembani dzina lenileni la bungwe ndi adiresi yake kuti aliyense atumize yekha n'kulandira kalata yake. Zosonkhera mu akaunti ya munthu, kaya pa GoFundMe kapena pa gulu la WhatsApp, sizipatsa osonkhawo umboni umenewu.

Chachisanu: musaiwale atsikana

Lamulo la Title IX la 1972 limaletsa sukulu zolandira ndalama za boma kukondera anyamata kapena atsikana, ndipo silisamala kuti ndalamazo zachokera kuti. Mukagulira anyamata okha majekete atsopano ndi ulendo wa ku mpikisano, sukulu imakhala ndi udindo woonetsetsa kuti atsikana sakutsalira, ndipo ikakhala ilibe ndalama imatha kukana mphatso yanu. Hawaii inayamba mpikisano wovomerezeka wa atsikana mu 1998, ndipo lero zigawo zoposa 40 zili nawo. Lembani kuti mphatso ndi ya masewera ogwetsana pasukulupo, anyamata ndi atsikana omwe, ngakhale chaka chino mtsikana ali mmodzi yekha.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani mgwirizano

Tsamba limodzi kapena awiri ndi okwanira, koma likhalepo, losainidwa ndi banja ndi woimira sukulu. Makochi amasintha, ndipo lonjezo la pakamwa limachoka ndi amene analonjeza. Lembani kuchuluka kwa ndalama, ntchito yake, tsiku limene ziyenera kukhala zitagwiritsidwa ntchito, ndi kumene zotsala zidzapite. Lembani dzina la malemu ndendende monga lidzaonekere, ndi malo ake.

Onjezerani mfundo ziwiri zimene anthu amaziiwala. Yoyamba, kuti mphatsoyi ikuwonjezera pa bajeti ya timu, osati kulowa m'malo mwake. Popanda mawu amenewa, ofesi imatha kuona kuti timu yapeza mphasa n'kusamutsira ndalama zake ku masewera ena, ana n'kutsala pomwe anali. Yachiwiri, zimene zidzachitike mphasa ikadzatha, sukulu ikadzaphatikizidwa ndi ina, kapena masewerawa akadzathetsedwa. Mphasa siikhala kosatha. Mungagwirizane kuti chidutswa cholembedwa dzina chidzadulidwe n'kupatsidwa kwa banja, kapena kuti chikwangwani cha pakhoma chidzatsale.

Funsaninso ngati ofesiyo ili ndi lamulo lake pa zikumbutso. Madera ena salola kutcha chipinda dzina la munthu mpaka patapita zaka zingapo chimwalirireni, ena salola zikumbutso zokhazikika n'komwe. Si kunyoza malemu wanu. Amafuna kuchitira mabanja onse mofanana.

Chachisanu ndi chiwiri: dzina, chizindikiro ndi mbendera

Apa ndi pamene mabanja amalakwitsa ndi mtima wabwino. Mbendera ya America isajambulidwe pa mphasa. Malamulo a mbendera a dzikolo amati isakhudze pansi, ndipo asilikali opuma sangakondwe kuona ana akuiponda ndi kudonthezerapo thukuta. Malamulo omwewo amati isakhale yunifomu ya masewera. Chimene NFHS imalola ndi kambendera kosokerera kosaposa mainchesi 2 ndi 3, ndiponso kachigamba kachikumbutso kosaposa masikweya inchi 4, bungwe la masewera la chigawocho likavomera. Kachigambako kamakwana zilembo zoyamba za dzina ndi zaka basi. Kakakula, woyimbira angathe kukana yunifomuyo.

Zidindo za magulu ankhondo ndi zogwiritsa ntchito boma lokha, ndipo zizindikiro zina za maguluwo zimafuna chilolezo cha ofesi yoona za zizindikiro ya gulu lililonse. Kupewa zonsezi, lembani mawu okha: dzina, udindo, gulu, zaka.

Ganiziraninso bwino za kulemba dzina pa mphasa penipenipo. Likhale m'mphepete, kunja kwa bwalo, kumbali yoyang'anana ndi oonerera. Komabe dzinalo lidzapondedwa, lidzakolopedwa, nthawi zina lidzadonthedwa magazi a m'mphuno. Mabanja ena amasangalala nazo, amati malemu akanafuna kukhala pomwepo. Ena zimawapyoza mtima akaona koyamba. Funsani mayi wamasiye kapena makolo momasuka, ndipo ngati akukayika, ikani dzina pakhoma. Kampani ikatumiza chithunzi cha mmene mphasa idzaonekere, anthu awiri achiwerenge payekhapayekha, DD 214 ili pambali, musanasaine.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku lopereka

Veterans Day, pa 11 Novembala, m'madera ambiri imafika mipikisano isanayambe, ndipo Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, ndi ya amene anafera pa ntchito ya usilikali komanso imafika nyengo itatha. Tsiku labwino ndi la mpikisano wa pakhomo mu Disembala kapena Januwale, makamaka wolimbana ndi sukulu yoyandikana nayo, pamene holo imadzaza.

Mwambo usapitirire mphindi 10. Ana amakwera sikelo pafupifupi ola limodzi mpikisano usanayambe, amadya pang'ono, amatenthetsa thupi, ndipo mukawakhazika pansi theka la ola akumva malankhulidwe amazizira n'kuyamba kuvulala msanga. Wolengeza awerenge mbiri yachidule imene banja lalemba, mmodzi wa banja alankhule mphindi ziwiri, atsogoleri a timu alandire mphatso. Onyamula mbendera mungawapeze ku mabungwe a asilikali opuma a American Legion ndi VFW, kapena kwa ophunzira a JROTC, amene amaphunzira za usilikali pasukulu, ngati sukuluyo ili nawo. Auzeni pasadakhale kuti asaponde mphasa ndi nsapato zawo, chifukwa zimabweretsa dothi ndi majeremusi ndipo zidendene zimaboola chikutiro. Aime pambali, kapena yalani kapeti podutsa. Zomwezo ndi achibale ovala nsapato zosongoka. Ngati onyamula mbendera akubwera ndi mfuti za mwambo, mphunzitsi wamkulu avomere kaye, chifukwa malamulo a zida pasukulu ndi okhwima.

Kwa mabanja athu, amene mwambo uliwonse timautsegula ndi pemphero, pali chofunika kudziwa. Mu 2000 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti sukulu ya boma isakonze pemphero pa zokuzira mawu pa masewera. Choncho musadabwe akakuuzani kuti abusa sapatsidwa maikolofoni. Pemphani mphindi ya chete, ndipo pemphero muchitire kunyumba kapena kutchalitchi musananyamuke. Zithunzi za ana musaziike pa intaneti musanafunse sukulu, chifukwa makolo ena amakhala atakana.

Chachisanu ndi chinayi: ngati mukufuna kuti chikumbutso chizibwera chaka ndi chaka

Njira yotsika mtengo ndi mphoto ya pachaka: chikwangwani chimodzi chokhala kusukulu, chimene amawonjezerapo dzina chaka chilichonse, ndi kachikho kamene mwana amatenga. Fotokozani m'mawu ochepa khalidwe limene mukulemekeza, monga kusajomba kapena kuthandiza anzake, m'malo mwa kupambana, chifukwa opambana ali kale ndi mamendulo awo. Asankhe ndi makochi. Ndalama m'manja musampatse mwana, zingamuchotsere ufulu wosewera.

Njira yachiwiri ndi thumba losatha ku bungwe losunga ndalama zothandizira anthu a m'deralo, limene amati community foundation. Iwo amasunga ndalamazo m'mabizinesi n'kumatulutsa pafupifupi 4 kapena 5 peresenti pachaka. Madola 25,000 pa 4 peresenti amapereka madola 1,000 chaka chilichonse, okwanira nsapato ndi zotchinga makutu za ana angapo. Mabungwewa amakhala ndi ndalama yoyambira imene salandira yochepera pamenepo, komanso amadula kachigawo koyendetsera, choncho funsani manambala onse awiri. Ngati thumbalo ndi lolipirira mwana kukoleji, banja lingakhale nawo m'komiti yosankha koma lisakhale ndi mavoti ambiri, ndipo achibale anu sangalandire. Musapanikize kwambiri zoyenereza. Mukati wolandira akhale mnyamata wa timuyi, mwana wa msilikali, wopita kukoleji yakutiyakuti, padzapita zaka popanda woyenera.

Mpikisano wotchedwa dzina la malemu ndi umene mabanja amaulakalaka kwambiri, ndipo ndiwo wotopetsa. Umafuna chilolezo cha bungwe la masewera la chigawo, oyimbira olipidwa, wachipatala wa masewera, osesa, mamendulo a gulu lililonse la kulemera, ndi anthu odzipereka tsiku lonse pa tebulo la mphasa iliyonse. Sukulu zimakonza ndandanda ya mipikisano chaka chisanafike ndipo zili ndi malire a kuchuluka kwake, choncho Loweruka lopanda kanthu ndi losowa. Ngati sukuluyo ili kale ndi mpikisano wake, pemphani kulipirira mamendulo ndi oyimbira kuti utchedwe dzinalo kwa zaka zitatu, kenako mudzakambiranenso.

Njira iliyonse imene mwasankha, ikani tsiku mu Malichi kapena Epulo loti woimira banja azilembera athletic director kufunsa lipoti lalifupi la zimene zagulidwa ndi zimene zatsala. Kochi akasintha, mutumizireni watsopanoyo kope la mgwirizano ndi mbiri ya malemu ya theka la tsamba, chifukwa fayilo ya ku ofesi nthawi zambiri siimufika. Sankhaninso wachiwiri wa woimira banjayo, makamaka wachinyamata, ndipo dzina lake lilembedwe mu mgwirizano kuti sukulu idziwe munthu woti izilankhula naye woyambayo akadzasamuka kapena kudwala.